Kuchokera pa deki kufika pa memori: mbiri ya kanema pa Mpamba

Minibasi yochokera ku Mzuzu ikatsika mapiri n'kuima pa Mpamba, chimene mlendo amayamba kuona ndi nthochi, zinanazi ndi chinangwa zikukankhidwira pa windo. Chimene amayamba kumva chimachokera kuseri kwa amayi amalondawo. Ndi sipika yoikidwa pakhomo pa kashopu, ikulira mfuti ndi zibakera, pamwamba pake mawu a mnyamata akumasulira m'Chichewa zimene Mtchaina wa mufilimu akunena, mwinanso zimene sananene n'komwe. Mkatimo muli kompyuta imodzi, benchi, ndi zingwe zotchajira mafoni zopiringizana ngati mizu ya kachere. Apa ndi pobenera. Ukapereka memori kapena fulashi yako, mwini wake sayamba ndi kufunsa dzina la filimu. Amafunsa kuti: "Mukaonera pa chiyani, ada? Pa foni ya mabatani, pa foni ya tachi, kapena pa TV?"

Funso limeneli silinabwere lero. Lakhala likufunsidwa m'njira zosiyanasiyana kwa zaka zoposa makumi atatu, ndipo yankho lake ndi limene lagamula zimene anthu a kunyanja kuno aonera, zimene asunga, ndi zimene ataya osadziwa kuti akutaya.

Atonga a ku Nkhata Bay ndi anthu oyenda. Kuyambira nthawi ya atsamunda amuna ambiri ankapita ku Halale ndi ku Joni kukagwira ntchito m'migodi, m'mahotela ndi m'nyumba za azungu. Clements Kadalie wa ku Chifira, amene anayambitsa bungwe la apantchito la ICU ku Cape Town mu 1919, anali mmodzi chabe mwa khamu lalikulu. Wobwerera kumudzi sankabwera chimanjamanja. Ankabwera ndi suti, njinga, galamafoni, kenako wailesi. Makina aliwonse atsopano ankafika m'sutikesi ya munthu wa paulendo asanafike m'sitolo, ndipo makina a kanema nawo anadzera njira yomweyo.

M'nthawi ya Kamuzu Banda dziko lino linalibe wailesi yakanema. Lamulo la 1968 loona za zisangalalo linapatsa bungwe la Censorship Board mphamvu yodula kapena kuletsa filimu iliyonse. Kumudzi kanema ankabwera pa galimoto ya boma: nsalu yoyera yomangidwa pabwalo la sukulu, filimu ya ulimi wamakono kapena ya ulendo wa Ngwazi, anthu atakhala pansi mpaka ana kugona pamiyendo ya amayi awo. M'mawa galimoto inkapita ndi kanema wake. Panalibe chosunga, n'chifukwa chake panalibenso chosankha.

Chinasintha zinthu ndi deki. Kampani ya JVC ya ku Japan inatulutsa tepi ya VHS mu 1976, n'kugonjetsa Betamax ya Sony imene inatuluka chaka chimodzi m'mbuyo mwake. Nkhondo imeneyo kuno sitinaione, deki inatipeza itapambana kale. Zinthu zitamasuka pambuyo pa riferendamu ya 1993 ndi chisankho cha 1994, mavidiyo sho anamera m'misika ngati bowa wa mvula yoyamba. TVM inadzayamba kuulutsa mu 1999, ndipo ngakhale pamenepo inkafika kwa okhala ndi magetsi ndi mlongoti wautali okha. Kwa mwana wa pa Mpamba, Chintheche kapena Kande, kanema woyamba sanali wa boma ayi. Anali wa m'chinyumba cha mawindo otseka ndi makatoni, mabenchi a matabwa osapala, jenereta ikuguguda kuseri, ndipo pakhomo pali bolodi yolembedwa ndi choko: Rambo, Komando, Chuck Norris, Bruce Lee, Van Damme. Tinkalowa tikudziwa kale kuti ekita safa, koma tinkakuwabe akamenyedwa. Aphunzitsi ankatisaka m'menemo ndi chikoti m'manja, maso awo asanazolowere mdima ife titatulukira kale pansi pa mpanda.

Tepi inali ndi adani ake, ndipo boma la Nkhata Bay, limene ndi limodzi mwa maboma olandira mvula yambiri m'Malawi, linali nawo onse. Chinyezi chinkabweretsa chuku choyera m'kati mwa kaseti. Deki inkatafuna tepi pakati pa ndewu, mwini sho n'kutsegula chivundikiro, kukoka riboni mosamala ngati akuchotsa nsomba mu ukonde, kupukuta mutu wa deki ndi kapepala konyowetsa ndi sipiriti, uku anthu akufuna ndalama zawo. Choipa kwambiri chinali chakuti tepi yojambulidwa kuchokera ku tepi inzake inkatuluka yofooka kuposa mayi wake. Yofika kwathu inali chidzukulu cha chidzukulu: mitundu yosuluka, mizere yoyenda pansi pa sikirini, mawu ngati a munthu wolankhulira m'mtsuko. Tinazolowera. Ndikuganiza kuti kuzolowera kumeneko n'kumene kunatichititsa kuti tidzalandire zithunzi zosaoneka bwino za m'tsogolo popanda kudandaula.

Kenako kunabwera chimbale. Video CD, imene tonse tinkangoti VCD, inakhazikitsidwa mu 1993 ndi makampani a Philips, Sony, JVC ndi Matsushita. Ku Ulaya ndi ku America sinapite patali, koma ku China inagwira msika, ndipo makina otsika mtengo ochokera kumeneko anadzaza misika ya Africa. Kumpoto kuno katundu wotere ankadzera ku Dar es Salaam, kuwoloka pa Songwe, kutsikira ku Karonga mpaka pa msika wa Taifa ku Mzuzu, kumene wamalonda wa pa Mpamba ankakapikula m'mawa n'kubwerera dzuwa lisanapendeke. Chithunzi cha VCD chinali cha timadontho 352 m'lifupi ndi 288 m'litali, chosaposa kwenikweni cha tepi yabwino, koma chimbale sichinkachita chuku, sichinkafuna kubweza m'mbuyo, ndipo kope lake linkafanana ndendende ndi mayi wake. Vuto linali kuchepa kwa malo. Chimbale chimodzi chinkatenga mphindi pafupifupi 80, choncho filimu inkabwera pa zimbale ziwiri, ndipo ambiri a ife tili ndi mafilimu amene tinaonera theka loyamba lokha chifukwa chimbale chachiwiri chinapita ndi mlamu.

VCD ndiyo inabweretsa Nigeria m'nyumba zathu. Malonda a mafilimu a kumeneko anayambira pa tepi, ndi Living in Bondage ya 1992, koma kuno anasefukira pa zimbale: Aki ndi Pawpaw, Nkem Owoh mu Osuofia in London ya 2003, mafilimu a ufiti, apongozi ankhanza ndi abusa otulutsa ziwanda. Amayi amene sankaponda m'vidiyo sho anayamba kuonera kunyumba, chifukwa nkhani zake zinali zodziwika. Mphunzitsi wina wa ku America, Jonathan Gray, analemba mu 2011 za mmene mafilimu a Steven Seagal anafikira ku Malawi, ndipo mutu wa nkhani yakewo unatchula njira yake mosabisa: kukopera kopanda chilolezo. Palibe kampani ya ku Hollywood imene inaganizapo zotsegula sitolo pa Mpamba.

Chinthu china chimene chimbale chinachita, chimene kwa ine n'chachikulu kuposa Nigeria ndi Hollywood, n'chakuti tinayamba kudziona tokha. Makwaya a mipingo anajambulitsa nyimbo zawo ataima pamiyala ya m'mbali mwa nyanja. Oimba anatulutsa zimbale za mavidiyo. Izeki ndi Jakobo analowa m'nyumba za anthu amene kale ankangowamvera pa wailesi. Wojambula wa kamera imodzi ankaitanidwa ku ukwati, ku chinkhoswe, ku mwambo wovumbulutsa chiliza, ku mpikisano wa malipenga ndi chilimika pa nyengo ya Khirisimasi ndi Chaka Chatsopano. Pakapita sabata ankabweretsa chimbale chimodzi kapena ziwiri, dzina litalembedwa pamwamba ndi cholembera, china n'kutumizidwa ku Joni kwa amene analipira.

DVD, imene inayamba kugulitsidwa ku Japan mu 1996, inatipeza mochedwerapo. Inkanyamula 4.7 GB, pamene CD inkanyamula 700 MB, ndipo chithunzi chake chinali cha timadontho 720 ndi 576. Eni mafilimu anaitchinga ndi maloko awiri. Loyamba linali logawa dziko lapansi m'zigawo: South Africa anaiika m'chigawo chachiwiri pamodzi ndi Ulaya, Malawi m'chigawo chachisanu, kotero kuti mwalamulo lawo chimbale chogulidwa ku Johannesburg sichinayenere kuseweredwa pa makina ogulidwa ku Mzuzu. Makina a ku China sanasamale zimenezo, ankangodya chilichonse. Loko lachiwiri, loletsa kukopera, linathyoledwa mu 1999 ndi pulogalamu ya DeCSS, imene mmodzi mwa oilemba anali mnyamata wa ku Norway, Jon Lech Johansen. Zotsatira zake tinaziona pamsika: chimbale chimodzi chokhala ndi mafilimu khumi, ena makumi awiri, pachikuto pali nkhope za Jet Li ndi Jackie Chan zothinana. Kuti onsewo akwane ankafinyidwa mpaka chithunzi cha DVD kubwerera pa VCD kapena kutsikirapo. Wogula ankawerenga mafilimu, osati timadontho.

Kompyuta itafika pamsika, ntchito yobena inabadwa. Mawuwo anachokera ku Chingerezi cha kuwotcha chimbale, ndipo pulogalamu imene aliyense ankaidziwa inali Nero. Lero palibe chimene chimawotchedwa, koma tikunenabe kuti ndikukabenetsa nyimbo. Apa m'pamene funso la mtundu wa fayilo linayambira, pakuti filimu inachoka pa chimbale n'kukhala chinthu chosaoneka, chokhala ndi dzina ndi kamchira ka zilembo zitatu.

Amene anatsegulapo DVD pa kompyuta amadziwa kuti mkati mulibe filimu imodzi. Muli foda yotchedwa VIDEO_TS, ndipo m'menemo muli zidutswa za VOB, chilichonse chosapitirira 1 GB, pamodzi ndi timafayilo tina tosunga menyu. Pa VCD munkakhala foda ya MPEGAV ndi fayilo ya DAT. Kupatsa kasitomala zimenezi momwe zilili kunali kumudyera malo onse a fulashi. Ndiye anyamata obena anaphunzira kufinya. Njira yoyamba kutchuka inali DivX, imene inayamba ndi Mfalansa wina, Jérôme Rota, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ndi mnzake Xvid wa 2001. Zimenezi zinkatha kupanikiza DVD yonse kuti ikwane pa CD imodzi, m'fayilo ya AVI, mtundu umene Microsoft inatulutsa mu 1992. Makina a DVD atayamba kubwera ndi kabowo ka USB ndi chizindikiro cha DivX kutsogolo, AVI inakhala mfumu. Sikuti inali yabwino kuposa ina yonse. Inali imene makina a m'nyumba za anthu ankaidziwa.

Pali chinthu chimene chimasokoneza ngakhale obena ena, ndipo munthu wa kunyanja angachimve msanga kuposa wa m'tauni. Kamchira ka fayilo, kaya AVI, MP4 kapena MKV, ndi dengu chabe. Sikakuuza kuti nsomba ili m'katimo ndi yaiwisi, yowamba kapena yoyanika. Kakonzedwe ka nsombayo ndi nkhani ina, ndipo mayina ake ndi MPEG-2, Xvid, H.264, H.265. TV ikhoza kulidziwa dengu koma n'kukana nsomba. Ndicho chifukwa chake mafayilo awiri, onse olembedwa MP4, wina amasewera, wina amangotulutsa mawu sikirini ili bii. Ndipo kufinya filimu kuli ngati kuyanika usipa pathandala: umapepuka, umayenda ulendo wautali, thumba limodzi limanyamula wambiri, koma ngakhale uuviike m'madzi usiku wonse sudzabwereranso kukhala wa m'nyanja. Zimene pulogalamu yofinya yataya, yataya.

Usipa wouma kwambiri unali 3GP. Mtundu umenewu unapangidwira mafoni, ndipo pamene mafoni a mabatani okhala ndi memori anafalikira, ndiwo unali chakudya cha tsiku ndi tsiku. Chithunzi chake nthawi zambiri chinali cha timadontho 176 ndi 144, kachinthu kofanana ndi bokosi la machesi, koma memori ya 2 GB inkanyamula mafilimu ochuluka, ndipo msodzi ankaonera podikira kuti mwezi ulowe. Pa kompyuta iliyonse yobenera panali Format Factory, ndipo mzere wa mafayilo unkakhala ukusandulizidwa usiku wonse ngati ESCOM yalola. Mafilimu omasuliridwa m'Chichewa, mwambo wofanana ndi wa ma VJ a ku Uganda ndi omasulira a ku Tanzania, anayenda kwambiri m'njira imeneyi, chifukwa chokoma chake chili m'mawu, ndipo mawu safuna malo ambiri.

Masiku ano wapambana ndi MP4 yokhala ndi H.264, njira yofinyira imene inavomerezedwa mu 2003. Imasewera pa itel, pa Tecno, pa TV ya fulati ya sola, pa dikoda yokhala ndi USB, ndipo imadutsa pa Bluetooth, Xender ndi WhatsApp popanda mkangano. MKV, imene dzina lake lonse ndi Matroska, kutengera zidole za ku Russia zolowetsana china m'kati mwa chinzake, inayamba mu 2002 ndipo ndi dengu lalikulu kuposa onse: imanyamula zilankhulo zingapo, mawu olembedwa pansi, ndi chithunzi cha DVD osachifinyanso. Koma pamsika ili ndi mbiri yoipa. Kasitomala amabwerera madzulo nkhope itagwa: "Achimwene, zija mwandiikira zikukana." Ma TV akale ambiri saidziwa, ndipo mafayilo a MKV ochokera pa intaneti kawirikawiri amakhala ndi H.265 ya 2013, imene makina otsika mtengo imawalemera. Pa kompyuta VLC imatsegula zonsezi, n'chifukwa chake wobena amalumbira kuti kwa iye zimasewera. Palinso msampha wina: mafulashi ambiri amabwera atakonzedwa mwa FAT32, imene silola fayilo imodzi yoposa 4 GB, ngakhale malo atakhalapo ambiri. Wobena wanzeru sakangana ndi zonsezi. Amasankha fayilo imene ingasewere pa makina ofooka kwambiri m'mudzi.

Eni nyimbo ndi mafilimu sanaonerere chabe. Bungwe la COSOMA, limene linakhazikitsidwa mu 1992 potsatira lamulo la 1989, linkamata zizindikiro pa makaseti ndi zimbale zovomerezeka, ndipo nthawi zina linkayenda ndi apolisi kulanda makompyuta. Lamulo latsopano la 2016 linatsegula njira ya msonkho pa zipangizo zosungira zinthu monga mafoni ndi mafulashi, kuti aluso apezeko kenakake. Dandaulo lawo ndi loona. Shemu Joyah anathira ndalama ndi zaka mu Seasons of a Life ndi The Last Fishing Boat ya 2012, ndipo filimu yotere ikalowa pa kompyuta ya pamsika mwini wake saonapo ngakhale tambala. Komanso n'zoona kuti pakanapanda pobenera, anthu ambiri a m'midzi sakanaonapo filimu ya Mmalawi mnzawo. Mlandu umenewu sindingauweruze pano.

Umene ndingaweruze ndi wa kwathu. Rambo ali ndi makope osawerengeka padziko lapansi, ndipo wathu akafufutika palibe maliro. Koma chimbale cha ukwati wa achemwali anu chinali chimodzi, mwina ziwiri. Zimbale zobena pa kompyuta sizili ngati zopangidwa ku fakitale. Uthenga wake umalembedwa pa utoto wopyapyala umene umafooka ndi kutentha, kuwala kwa dzuwa ndi chinyezi, zinthu zitatu zimene nyumba ya malata ya kunyanja ili nazo zokwanira. Pa CD utotowo uli pafupi ndi kumwamba, kumene timalemba dzina, moti cholembera cholimba chimatha kupha chimbale chimene pansi pake pakuwala bwinobwino. Makina amawerenga kuyambira pakati kupita kumphepete, ndiye kumapeto kwa mwambo ndiko kumayamba kujejema. Tinkapukuta ndi malaya, kupaka mankhwala otsukira mano, kuuzira mpweya, mpaka tsiku limene sikirini inangolemba kuti No Disc chimbale chili m'katimo.

Malume anga ankavina malipenga, ndipo chaka china gulu lawo linajambulidwa pa DVD. Mafoni a memori atabwera, msuweni wanga anatenga chimbalecho kupita nacho pobenera kuti agogo azionera pafupi. Anamuikira 3GP, ndipo anachita bwino, chifukwa foni ya agogo sikanatha kusewera china. Cholakwa chinali chathu: titaona kuti gule ali m'foni, chimbale tinachiiwala pawindo, ndipo ana anachisandutsa galasi lothwanimitsira anzawo m'maso. Mlimi wa chinangwa sachita zotere. Akazula, mizu amaiviika kuti apeze ufa wa kondowole, koma mitengo amaisunga pamthunzi kuti adzabzale. Ife tinadya ufa, mitengo n'kusonkhera moto.

Kusunga mitengoyo sikovuta monga ena amaganizira. Chimbale chikadali chamoyo, munthu amakopera foda yonse ya VIDEO_TS momwe ilili, kapena kupanga fayilo ya ISO, imene ndi chifaniziro cha chimbale chonse ndi menyu yake, kapena kusamutsira chithunzicho mu MKV ndi pulogalamu ngati MakeMKV, imene imasintha dengu lokha osakhudza nsomba. Zimadya malo mpaka 4.7 GB pa chimbale wamba, ndipo izi zimakhala pa hadi disiki, kope lina kwa m'bale wa ku Mzuzu kapena ku Joni, pakuti fulashi nayo imafa, imagwidwa vairasi, ndipo mamemori ena a pamsika amanama kukula kwake. Kuchokera pa kope lalikululo munthu akhoza kupanga MP4 ya foni nthawi iliyonse, ndi HandBrake kapena Format Factory yomweyo, ndipo mtundu wina ukadzabwera adzapanganso. Nyumba zazikulu zosungira zakale, kuphatikizapo Library of Congress ya ku America, zinavomereza MKV pa ntchito yosunga mavidiyo, fayilo yomweyo imene pa Mpamba timaitcha yovuta.

Nthawi zina ndimaganiza za Hugh Tracey, amene anayenda m'Nyasaland m'zaka za m'ma 1950 akujambula nyimbo, za Atonga zili m'gulu. Matepi ake ali ku International Library of African Music ku Makhanda, ku South Africa, ndipo mawu a anthu amene anaimba agogo anga ali atsikana akumveka mpaka lero. Gule wa malume, wojambulidwa patapita zaka makumi asanu ndi makina apamwamba kuposa a Tracey, watsala m'kafayilo kamene kadutsa m'mafoni anayi.

Malume anatisiya. Mwezi wa Disembala wapitawu ndinaika kafayiloko pa TV yaikulu kuti banja lonse lione, ndipo ndinanong'oneza bondo. Pa sikirini yaikulu nkhope zinasanduka timabokosi, mayunifolomu oyera anaphatikana kukhala mtambo umodzi, mawu a zipenga ngati udzudzu m'chitini. Ana anaseka n'kutuluka panja. Agogo anati ndizimitse, ndiwapatse pa foni monga kale. Anaigwira pafupi ndi maso, chala chawo chikutsata mzere wa ovina mpaka chinaima pa kachithunzi kachitatu kuchokera kumanzere.

"Uyu," anatero. "Ukuona mmene akuponyera mwendowo? Nkhope ndilibe nayo ntchito, ada. Bwezera pomwepo."